Tsamba la pa intaneti salifunsa lokha ngati likunena zoona

Funso

Ndine mtsikana wa chaka chachiwiri ku koleji, ndipo tinapatsidwa ntchito yolemba za umphawi m'Malawi muno. Ndinagwiritsa ntchito masamba asanu ndi limodzi a pa intaneti, koma aphunzitsi athu adula anayi ndi cholembera chofiira n'kulemba pambali kuti si odalirika. Chandiwawa n'chakuti ndinatsatira zonse zomwe tinauzidwa chaka choyamba. Wikipedia ndinaipewa, ndinasankha masamba othera ndi .org, ndipo onse anali ooneka bwino, Chingerezi chake chopanda pokhota. China chomwe chandisokoneza, tsamba lina likuti Amalawi osauka ndi pafupifupi 51 pa anthu 100 alionse, pomwe lina likuti 70. Wabodza ndani pamenepa? Nanga tsamba lodalirika ndingalidziwe bwanji, poti mabuku atsopano mulaibulale mwathu ndi ochepa ndipo ambirife kafukufuku timachitira pa foni?

Yankho

Achemwali, ndagwira ntchito mulaibulale ya pa koleji kwa zaka zambiri, ndipo mapepala a mizere yofiira ngati lanulo andipeza pa tebulo langa kambirimbiri. Simunachite ulesi ayi. Munatsatira malangizo omwe munapatsidwa, koma malangizowo ndiwo opunduka. Onse amakuuzani kuti muliyang'anitsitse tsambalo: dzina lake likuthera ndi chiyani, likuoneka bwanji, lili ndi zolakwika kapena ayi, pali dzina la wolemba kapena palibe. Komatu zonsezi amaziikapo ndi mwini tsamba. Ndipo munthu amene wakonzeka kukupusitsani ndiye amasamala kwambiri maonekedwe, kuposa wasayansi wotanganidwa yemwe tsamba lake lakhala chimodzimodzi zaka khumi. Paja chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Taganizani mnyamata akabwera kudzafunsira mbeta pakhomo. Amabwera atasita malaya, nsapato zikuwala, mawu ake aulemu okhaokha. Amalume a mtsikanayo samufunsa kuti, "Kodi iwe ndiwe wamakhalidwe abwino?" chifukwa yankho lake n'lodziwikiratu. Amamulandira bwino, akachoka amatuma munthu kumudzi kwawo kuti akamve kwa anansi, kwa a mpingo, kwa amene anakula naye. Tsamba la pa intaneti ndi mlendo wotereyu. Gawo lija lolembedwa kuti About Us, pomwe eni tsamba amadzifotokoza okha, ndi malaya ositawo. Kuti mulidziwe, lisiyeni kaye, mupite mukafunse kwa ena amene akulidziwa.

Zimenezi si maganizo anga chabe. M'chaka cha 2017, Sam Wineburg ndi Sarah McGrew a ku yunivesite ya Stanford ku America anatulutsa zotsatira za kafukufuku yemwe anandisintha kaphunzitsidwe. Anatenga magulu atatu a anthu: akatswiri 10 a mbiri yakale okhala ndi PhD, anthu 10 omwe ntchito yawo ya tsiku ndi tsiku ndi kutsimikiza nkhani m'nyumba zofalitsa nkhani, ndi ophunzira 25 a pa Stanford pomwepo. Anawaonetsa masamba awiri okamba za ana ozunza anzawo kusukulu. Limodzi linali la American Academy of Pediatrics, bungwe lalikulu la madokotala a ana lomwe linayamba mu 1930 ndipo lili ndi mamembala oposa 60,000. Linalo linali la American College of Pediatricians, kagulu kakang'ono komwe kanapatuka mu 2002 chifukwa chosiyana maganizo pa nkhani ya anthu oyenera kuloledwa kulera ana osabereka okha. Maina ofanana, zizindikiro zokongola, onse othera ndi .org ngati anu aja.

Ophunzira oposa theka anasankha kagulu kakang'onoko kuti ndiko kodalirika kwambiri. Akatswiri a mbiri yakale, anthu omwe moyo wawo wonse ndi kuunika zolembedwa, anagawikana. Koma otsimikiza nkhani aja onse khumi anazindikira msanga kuti bungwe loyimira madokotala ambiri ndi liti. Sikuti anali anzeru kuposa anzawo. Chomwe anachita n'chakuti sanachedwe pa tsambalo. Atangoona dzina la bungwe, anatsegula tab ina, kutanthauza zenera lina lofufuzira pambali pa loyambalo, n'kufufuza zomwe ena akunena za bungwelo. Ophunzira ndi akatswiri ambiri a mbiri yakale anangokhala pomwepo, kuwerenga kuchokera pamwamba mpaka pansi, kugoma ndi maonekedwe ndi mndandanda wa mabuku womwe unali kumapeto.

Pa foni yanuyo mungathe kuchita chimodzimodzi, ndipo sizidya bandulo ngati kanema. Koperani dzina la bungwe kapena la wolemba, mutsegule tab ina, mulilembe mu Google. Zotsatira zochokera ku tsamba lomwelo zidumpheni, chifukwa ndi mnyamata uja akudzichitira umboni. Zomwe zalembedwa kuti Sponsored zidumpheninso, zakhala pamwamba chifukwa wina walipira. Musathamangire kudina choyambirira. Tsitsani pansi kaye, muwerenge timizere ta pansi pa mutu uliwonse, muone ngati nyuzipepala zodziwika, mayunivesite kapena mabungwe ena akulitchula bungweli, ndipo akulitchula motani. Mukufuna mayankho a mafunso ochepa: mwini wake ndani, ndalama amazitenga kuti, ndipo akatswiri a nkhaniyi amamuona ngati mnzawo kapena ayi. Ngati mwafufuza ndithu koma palibe aliyense kunja kwa tsambalo amene akulidziwa bungwelo, limenelonso ndi yankho. Bungwe lomwe likuti lachita kafukufuku m'dziko lonse silingakhale losadziwika kwa aliyense.

Za .org zija, amene anakuuzani anakulakwirani. Dzina lothera ndi .org aliyense atha kugula, monga mugulira laini ya foni, popanda womufunsa ngati alidi bungwe lothandiza anthu. Kwa zaka zambiri tsamba la martinlutherking.org, lomwe ana asukulu ambiri ku America ankalipeza pofufuza mbiri ya Martin Luther King, linali m'manja mwa Stormfront, gulu la azungu atsankho lotsogozedwa ndi Don Black, yemwe kale anali mtsogoleri mu Ku Klux Klan, gulu linanso lodana ndi anthu akuda. Cholinga chake chinali kuipitsa mbiri ya King. China chomwe chili pafupi ndi mutu wanu ndi minimumwage.com, chokamba za malipiro otsikitsitsa a antchito. Tsambalo limati ndi la Employment Policies Institute, dzina lomveka ngati la akatswiri osakondera mbali. Mu 2014 nyuzipepala ya New York Times inaonetsa kuti bungweli limayendetsedwa ndi kampani ya Richard Berman, yomwe imalankhulira eni malo odyera ndi mahotela, anthu omwe safuna kuti malipiro akwere. Mukadangowerenga tsambalo simukadadziwa. Mphindi ziwiri pa tab ina zikadakuuzani.

Maina othera ndi .gov.mw kapena .ac.mw ali ndi kulemera ndithu, chifukwa ndi a boma ndi sukulu za ukachenjede. Komabe muziwerenga dzina lonse mpaka kumapeto. Mu 2016 kunali tsamba la nkhani zabodza lotchedwa abcnews.com.co, longotengera dzina la nyumba yofalitsa nkhani ya ABC News n'kuwonjezera zilembo ziwiri kumchira, ndipo anthu ambiri anagwa nalo.

Tsopano tibwere pa manambala anu awiri aja, chifukwa apa ndi pomwe pali phunziro lenileni, ndipo n'zomwe ndimakonda kukambirana ndi ophunzira. Wabodza palibe. Manambala onsewo ndi oona, ndipo chodabwitsa n'chakuti amachokera pa kafukufuku mmodzi.

Ofesi ya boma yoona za ziwerengero ya National Statistical Office, yomwe likulu lake lili ku Zomba, imachita kafukufuku wa m'makomo wotchedwa Integrated Household Survey. Wachisanu anachitika mu 2019 ndi 2020, ndipo anayendera mabanja oposa 11,000 m'dziko lonse, kufunsa zomwe amadya, zomwe amagula ndi zomwe ali nazo. Kuti anene kuti uyu ndi wosauka, amayamba ajambula mzere: ndalama zomwe munthu amafunika kuti apeze chakudya chokwanira thupi pamodzi ndi zofunika zina zochepa, pa mitengo ya kuno kwathu. Pa mzere umenewo anapeza kuti osauka ndi pafupifupi 51 pa anthu 100 alionse, pomwe kafukufuku wa 2016 ndi 2017 anapeza 51.5. Pali mzere wina wotsika, wa anthu omwe ngakhale atathera zonse zomwe ali nazo pa chakudya chokha sichingawakwane, ndipo pamenepo pali munthu pafupifupi mmodzi mwa asanu alionse.

World Bank imatenga mayankho omwewo a mabanja omwewo, koma imayeza ndi mzere wake womwe imagwiritsa ntchito m'maiko onse kuti ithe kuwayerekeza. Pa mzere wa madola 2.15 patsiku, wowerengedwa potengera zomwe ndalamayo ingagule m'dziko lililonse, Amalawi osauka anali pafupifupi 70 pa 100 alionse. Ndiye nambala yanu yachiwiri ija. Ndipo mzere wa World Bank nawo umasuntha: unali madola 1.90 mpaka mu 2022, unakhala 2.15, kenako mu 2025 anaukweza kufika pa madola 3.00. Mzere ukasuntha nambala imasintha, ngakhale pakhomo pa munthu wa ku Nsanje kapena ku Chitipa pasanasinthe kalikonse.

Zili ngati mulu umodzi wa chimanga pamsika. Wina wayeza ndi ndowa wapeza zinayi, wina wayeza ndi chigoba wapeza khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Palibe wakuba. Koma wina akabwera n'kungokuuzani kuti "chimangachi chilipo khumi ndi zisanu ndi chimodzi" osatchula muyeso wake, sanakuuzeni kanthu. Ndikuganiza kuti apa ndi pomwe masamba anu anagwera. Tsamba longonena kuti "70 peresenti ya Amalawi ndi osauka" osatchula chaka, mzere womwe wagwiritsidwa ntchito, ngakhale amene anawerenga, silingakuthandizeni pa pepala la kukoleji, ngakhale nambalayo itakhala yolondola. Mphunzitsi wanu sangathe kuitsimikiza, ndipo inunso simungaiteteze atakufunsani.

Pabwalo la milandu kwa amfumu, mboni ikayamba kufotokoza amaifunsa kuti, "Munaona ndi maso anu kapena munangomva?" Funso lomwelo muzilifunsa nambala iliyonse. Anawerenga ndani? Tsamba lomwe mukuwerengali linaitenga kuti? Ngati pali linki, idineni. Ikakufikitsani pa tsamba lina lomwenso likuti linamva kwa wina, pitirirani, mpaka mufike kwa amene anapita kumudzi ndi mafunso m'manja. Ameneyo ndiye woyenera kutchulidwa m'pepala lanu. Nthawi zambiri mudzapeza kuti panjira nkhani yasintha. Lipoti linati "m'maboma atatu omwe tinafikamo", nyuzipepala inati "m'maboma ambiri", tsamba lachitatu likuti "m'Malawi monse".

Ndikukumbukira mnyamata wina amene anabwera pa tebulo langa ali wotsimikiza ndithu, foni ili m'manja, galasi lake losweka pakona. Anati nambala yake ndi yoona chifukwa waipeza pa masamba asanu osiyana. Tinakopera chiganizo chonsecho, tinachiika pakati pa zizindikiro zogwira mawu mu Google kuti itipatse masamba okhala ndi mawu omwewo ndendende, ndipo tinatsegula onse asanu. Chiganizo chinali chimodzimodzi paliponse, mpaka liwu lomwe linalembedwa molakwika linali lolakwika pa onse. Anayi anakopera kwa lachisanu, ndipo lachisanulo linangoti "malinga ndi World Bank", popanda dzina la lipoti kapena chaka. Tinafufuza pa tsamba la World Bank mpaka kutopa, nambalayo sitinaipeze. Mnyamatayo anakhala chete kanthawi, kenako anati, "Ndiye kuti ndili ndi mboni imodzi, nayonso sikudziwa komwe inamva." Masamba asanu, koma pakamwa pamodzi.

Wikipedia musaiope motero. Zoona, simuyenera kuitchula ngati gwero m'pepala lanu, chifukwa aliyense atha kusinthamo ndipo zomwe mwawerenga lero mawa mwina zasintha. Mu 2008 wophunzira wina ku New York analembamo mwanthabwala kuti kanyama ka ku South America kotchedwa coati kamadziwikanso kuti Brazilian aardvark. Nyuzipepala zina za ku Britain zinakopera dzinalo, mpaka linalowa m'buku losindikizidwa ndi yunivesite, ndipo bodzalo linakhala zaka zingapo magazini ya New Yorker isanaliulule mu 2014. Koma ngati poyambira, Wikipedia ndi yothandiza kwambiri, makamaka pa ntchito ija yofunsa za bungwe lomwe simukulidziwa. Otsimikiza nkhani a mu kafukufuku wa ku Stanford ankaigwiritsa ntchito. Chinsinsi chake n'kutsikira pansi, pa timanambala tija tomwe timaloza komwe mfundo iliyonse yachokera. Dinani pamenepo, muwerenge gwerolo nokha, ndipo ngati likunenadi zimenezo, tchulani ilolo. Ine ndimaiona ngati munthu wolozera njira pa mphambano: mumamuthokoza, koma komwe mukupita si pamene wayimapo.

Za chaka ndinene mwachidule, ngakhale zimagwetsa ambiri. Chaka chomwe chimaoneka pansi penipeni pa tsamba nthawi zambiri chimasintha chokha, sichikuuzani tsiku lomwe nkhaniyo inalembedwa. Yang'anani chaka cha nambala yeniyeniyo. Mukapeza tsamba loti Amalawi alipo 13 miliyoni, likunena za kalembera wa 2008, pomwe wa 2018 anapeza anthu 17,563,749. Loti dziko lino lili ndi maboma 27 linalembedwa Neno isanapatuke ku Mwanza, chifukwa pano alipo 28. Pa mutu wanu wa umphawi, chilichonse chotchula makwacha muchisamale kwambiri: ndalama yathu inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, choncho mitengo ya 2020 singayerekezedwe ndi ya lero mwachisawawa. Pa nkhani zongochitika kumene ndiye zimasintha tsiku ndi tsiku. Namondwe wa Freddy atagwa mu Malichi 2023, malipoti a masiku oyamba ankatchula anthu omwalira osafika 200, koma patapita masabata nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ya DoDMA inali kunena za anthu oposa 600, kuphatikizanso mazana ena osowa. Nkhani ya tsiku lachiwiri sinaname, koma simungaitenge ngati chiwerengero chomaliza. Izi sizikutanthauza kuti chakale chilichonse n'chotha ntchito. Wolemba za John Chilembwe mpaka lero amatsegulabe buku la George Shepperson ndi Thomas Price la 1958. Mutu wanu ndiwo umakuuzani ngati zaka zili ndi kanthu.

Mwina aphunzitsi anu akuuzani kuti mugwiritse ntchito Google Scholar, yomwe imafufuza zolemba za akatswiri, ndipo akunena zoona, ndi yabwino kuposa Google wamba. Koma nayonso imangosonkhanitsa, siyisefa mokwanira. Kuli magazini ena odzitcha a sayansi omwe amasindikiza chilichonse bola wolemba walipira. Mu 2013 mtolankhani wa sayansi John Bohannon analemba dala pepala la kafukufuku wabodza wa mankhwala a khansa, lodzaza ndi zolakwika zoonekeratu, n'kulitumiza ku magazini 304. Okwana 157 analivomera kuti alisindikiza. Choncho dzina la magazini nalonso muzilifufuza pa tab ina. Onani ngati ili pa mndandanda wa DOAJ, womwe umaunika magazini aulere asanalembedwemo, kapena pa African Journals Online, komwe mungapeze kafukufuku wambiri wa kuno ku Africa, kuphatikizapo Malawi Medical Journal. Ngakhale magazini otchuka amaphonya nthawi zina. The Lancet inasindikiza mu 1998 pepala la Andrew Wakefield loganizira katemera wa chikuku kuti akukhudzana ndi vuto la kakulidwe ka ubongo wa ana lotchedwa autism, ndipo inadzalichotsa mu 2010 zitadziwika kuti linali lachinyengo. Kusiyana kwake n'kwakuti magazini yeniyeni ikalakwitsa imavomera poyera n'kukonza. Tsamba lomwe silinavomerepo cholakwa chilichonse chiyambire limandichititsa mantha kuposa lomwe lili ndi gawo la zokonza.

Mwati mabuku atsopano mulaibulale mwanu ndi ochepa, ndipo ndikukhulupirira, chifukwa ndi vuto la tonsefe. Koma chomwe chimandipweteka mtima n'chakuti ophunzira ambiri amamaliza zaka zinayi osadziwa kuti laibulale yawo ili ndi zambiri zosaoneka pa shelefu. Makoleji ambiri m'dziko muno ali m'bungwe la malaibulale la MALICO, lomwe limagula pamodzi mwayi wowerenga magazini a sayansi pa intaneti. Palinso Research4Life, yomwe imapatsa sukulu ndi mabungwe a m'maiko ngati lathu mwayi wowerenga magazini ndi mabuku zikwizikwi kwaulere, za umoyo kudzera ku Hinari, za ulimi kudzera ku AGORA. Pitani kwa woyang'anira laibulale mukafunse ngati koleji yanu inalembetsa ndi momwe mungalowere. Ifeyo timasangalala wophunzira akafunsa zimenezi, ntchito yathu ndi imeneyo. Malamulo a dziko lino ndi zigamulo za makhoti zili pa MalawiLII kwaulere, ndipo malipoti a National Statistical Office ali pa tsamba lawo.

Simunatchule za ChatGPT, koma ndikudziwa kuti anzanu akuigwiritsa ntchito, ndiye ndineneko. Makinawa amalemba ziganizo zosalala kwambiri, ndipo amatha kupeka dzina la buku, wolemba, chaka ndi nambala ya tsamba, zonse zooneka zenizeni koma kulibe. Mu 2023 maloya awiri ku New York analipitsidwa madola 5,000 atapereka kukhoti milandu yakale yomwe ChatGPT inapeka pa mlandu wokhudza kampani ya ndege ya Avianca. Ngati zinagwetsa maloya, wophunzira wothamangitsana ndi tsiku lopereka ntchito angapulumuke bwanji? Ifunseni kuti ikufotokozereni mawu ovuta kapena ikupatseni mawu ofufuzira, palibe cholakwika ngati malamulo a koleji yanu akulola. Koma gwero lililonse lomwe yakupatsani mulipeze nokha, mulitsegule, muliwerenge. Lomwe simunalione ndi maso anu lisalowe m'pepala.

Pali chinthu china chomwe malangizo a chaka choyamba saphunzitsa, ndipo kwa ine n'chachikulu. Funso loti "kodi tsambali ndi lodalirika?" ndi loperewera. Funso lokwanira ndi loti "lodalirika pa chiyani?" Tsamba la unduna ndi gwero labwino kwambiri la zomwe boma likunena kuti lachita kapena likufuna kuchita, koma silingakhale mboni yokhayo yoti pulogalamu ya boma yayenda bwino. Bungwe lothandiza anthu limadziwa zambiri za midzi yomwe likugwiramo ntchito, komanso likufunafuna ndalama kwa opereka thandizo, ndiye lili ndi chifukwa chokulitsira vuto ndi chokulitsiranso zipatso za ntchito yake. Kampani yogulitsa feteleza ingakuuzeni molondola zomwe zili m'thumba, koma pa funso loti alimi achepetse feteleza kapena ayi, ili ndi mbali. Nyuzipepala monga The Nation kapena The Daily Times ndi zabwino pofuna kudziwa zomwe nduna inalankhula tsiku lakutilakuti, koma zikatchula lipoti, pitani mukalipeze lipotilo. Ngakhale zolemba za pa Facebook zitha kukhala gwero, ngati mutu wanu ndi momwe anthu akudandaulira za kukwera kwa mitengo. Zimakhala umboni wa maganizo a amene walembayo, osati wa mtengo wa chimanga m'dziko lonse.

Ndiye kukhala ndi mbali sikuchititsa gwero kukhala lotayidwa. Aliyense ali ndi pomwe wayima, World Bank ndi boma lomwe. Chomwe mphunzitsi wabwino amafuna kuona n'chakuti mukudziwa amene akulankhula, mwamutchula bwinobwino, ndipo pomwe ali ndi phindu pa nkhaniyo mwafunanso mawu a wina yemwe alibe phindu limenelo. Chomwe ndimakana ine ndi gwero lobisa nkhope, longa minimumwage.com lija, lovala chovala cha katswiri pomwe ndi wolankhulira amalonda.

Pepala lanulo musalitaye. Tengani masamba anayi odulidwawo limodzilimodzi, pa lililonse mufufuze mwini wake pa tab ina, kenako mulondole nambala yomwe munatengapo mpaka komwe inabadwira. Mwina awiri adzakufikitsani ku National Statistical Office kapena ku World Bank, ndipo mudzangosintha n'kutchula mwini nambala weniweni, dzina la lipoti, chaka ndi nambala ya tsamba. Mwina limodzi lidzathera m'malere ngati la mnyamata wa masamba asanu uja, limenelo lichotseni pamodzi ndi mfundo yake. Lipoti la umphawi lochokera mu kafukufuku wa 2019 ndi 2020 likopereni pa Wi-Fi ya pa koleji kuti musawononge bandulo, ndipo muwerenge gawo lofotokoza momwe anajambulira mzere wa umphawi, ngakhale ndi louma. Mukatero manambala anu awiri aja muwaike onse m'ndime imodzi, mwachitsanzo: potengera mzere wa umphawi wa dziko lino, National Statistical Office inapeza kuti mu 2019 ndi 2020 Amalawi pafupifupi 51 pa 100 alionse anali osauka, pomwe World Bank, poyeza mabanja omwewo ndi mzere wa madola 2.15 patsiku, inapeza pafupifupi 70. Kenako mufotokoze mzere womwe inu mwasankha kugwiritsa ntchito m'pepala lonselo ndi chifukwa chake. Mukamaliza, pitani nalo kwa aphunzitsi anu nthawi yomwe amaonana ndi ophunzira, muwaonetse zomwe mwapeza pa tsamba lililonse, ndipo muwafunse ngati angalole kuti mulipereke kachiwiri.